N'chifukwa chiyani C-14 imasweka pomwe C-12 imangokhala?

aNaphiri, Ngabu

Akuluakulu, ndithandizeni pa mutu wa Fomu 4 uja wa cheza. Buku likungoti nyukiliyasi yosakhazikika imasweka n'kutulutsa alpha, beta kapena gamma, koma chimene chimaichititsa kusakhazikika silikunena. Ana ali ndi mafunso awiri. Loyamba: C-12 ndi C-14 zonse ndi kaboni, iliyonse ili ndi mapulotoni 6 (nambala 12 ndi 14 ndi mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi), nanga bwanji ina imangokhala pomwe inzake imatha theka pa zaka 5,730? Lachiwiri: kodi kutentha kwa kuno kwa mu Okutobala, kopitirira madigiri 40, kumafulumizitsa kuswekako? Ndikufuna yankho loti mwana alimvetse, osangoliloweza.

aMalunga, Nsanje

Mayi, yambani ndi mphamvu ziwiri zimene zimalimbana m'kati mwa nyukiliyasi. Mapulotoni onse ali ndi chaji ya +, choncho amakankhana, ndipo kukankhanako kumafika patali: pulotoni iliyonse imakankha mapulotoni ena onse amene alimo. Chowamanga pamodzi ndi strong force, imene imakoka mapulotoni ndi manyutuloni mosasankha. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu zedi koma ndi yaifupi. Ikangopitirira mamita pafupifupi 2 × 10⁻¹⁵, yatha. Zili ngati pabwalo la gule: dzanja umagwira la amene waima naye pafupi basi, koma mawu a aliyense amafika kwa onse. Nyukiliyasi ikamakula, kukoka kumene pulotoni imodzi imalandira sikuwonjezeka kwenikweni, pomwe kukankha kumangochuluka.

Apa ndi pamene manyutuloni amagwirira ntchito. Amawonjezera kukoka popanda kuwonjezera kukankha. Onani mmene chiwerengero chimayendera. C-12 ili ndi mapulotoni 6 ndi manyutuloni 6. O-16 ili ndi 8 ndi 8. Ca-40 ili ndi 20 ndi 20, ndipo ndiyo yomaliza yokhazikika yokhala ndi chiwerengero chofanana. Fe-56 ili ndi 26 ndi 30. Mtovu, Pb-208, uli ndi 82 ndi 126, kutanthauza manyutuloni atatu pa mapulotoni awiri aliwonse. Kupitirira mtovu palibenso chokhazikika. Mabuku akale amati Bi-209 ndiyo yomaliza, koma mu 2003 ku France anapeza kuti nayonso imatulutsa alpha, kungoti half-life yake, nthawi imene theka la manyukiliyasi limasweka, ndi zaka pafupifupi 2 × 10¹⁹.

aNaphiri, Ngabu

Zikomo Bambo. Koma mwana wochenjera andigwira pomwepo. Ngati manyutuloni ndiwo amalimbitsa, C-14 yokhala ndi manyutuloni 8 imayenera kulimba kuposa C-12.

aBanda, Bangula

Funso limenelo ndiye mutu wa nkhani yonse, ndipo mabuku ambiri a sukulu amalidumpha.

M'kati mwa nyukiliyasi muli masitepe a mphamvu, a mapulotoni paokha, a manyutuloni paokha. Malo aliwonse amalandira awiri okha. Mukamawonjezera manyutuloni, malo apansi amadzaza ndipo otsalawo amakakhala pamwamba, pofuna mphamvu yambiri, pamene kumbali ya mapulotoni kuli malo apansi opanda kanthu. Nyutuloni imodzi ikasanduka pulotoni, nyukiliyasi yonse imatsikira pa mphamvu yochepa. Imeneyo ndiyo beta: nyutuloni isanduka pulotoni, elekitironi ndi antineutrino zituluka. C-14 ya 6 ndi 8 imasanduka N-14 ya 7 ndi 7.

Njira yotsimikizira ndi sikelo, ndipo ana atha kuwerengera okha pa kakyuleta. Atomu ya C-14 imalemera 14.003242 u (u ndi muyezo wa kulemera kwa maatomu). Ya N-14 imalemera 14.003074 u. Kusiyana kwake ndi 0.000168 u. Chulukitsani ndi 931.5 mupeze 0.156 MeV (eV ndi muyezo wa mphamvu, ndipo MeV ndi ma eV miliyoni), imene ndi mphamvu yeniyeni yotuluka C-14 ikasweka. Tsono yesani C-12, yolemera 12.000000 u ndendende. Itati isanduke N-12 ikanalemera 12.019 u. Itati isanduke B-12, 12.014 u. Itati itulutse alpha, imene ndi nyukiliyasi ya He-4, Be-8 ndi He-4 pamodzi zikanalemera 12.008 u. Zonsezo n'zolemera kuposa iyo, ndiye ilibe kolowera.

Lamulo loti ana alembe ndi ili: nyukiliyasi imatha kusweka yokha pokhapokha zotsala zake zonse pamodzi zikhale zopepuka kuposa iyo. Kulemera kosowako ndiko kumasanduka mphamvu, E = mc².

aMalunga, Nsanje

Achimwene afotokoza bwino. Pa funso la kutentha, manambala omwewo akuyankha. Pa madigiri 40, atomu imodzi imagwedezeka ndi mphamvu ya pafupifupi 0.03 eV. Kusweka kwa C-14, komwe ndi kofooka poyerekeza ndi kwina, kumatulutsa 156,000 eV. Alpha ya yuraniyamu imapitirira 4,000,000 eV. Dzuwa la ku Ngabu, moto wa uvuni ya njerwa, asidi, kuwiritsa, zonsezi zimangokhudza maelekitironi akunja, nyukiliyasi siimva n'komwe. Pali chosiyana chimodzi chodziwika: manyukiliyasi amene amasweka pomeza elekitironi yawo, monga Be-7, half-life yawo imasintha pang'ono kutengera chimene atomu yaphatikana nacho, koma cha m'ma 1 peresenti kapena kucheperapo. Kwa ana a MSCE yankho ndi loti ayi.

Izi zili ndi tanthauzo lalikulu kunja kwa kalasi. Chinthu chotulutsa cheza simungachiphe pochiwotcha. Mukachiwotcha mwangochimwaza mu utsi ndi phulusa.

aNambewe, Nchalo

Ndiwonjezere pa lamulo la aBanda, chifukwa limanena ngati nyukiliyasi ingasweke, koma silinena kuti liti. U-238 ndi yolemera kuposa Th-234 ndi He-4 pamodzi, choncho njira ilipo, komabe half-life yake ndi zaka 4.5 biliyoni. N'chiyani chikuichedwetsa? Alpha kuti ituluke iyenera kudutsa mpanda wa mphamvu wa pakati pa 25 ndi 30 MeV, pomwe iyo ili ndi 4 MeV ndi pang'ono. Siingalumphe. Imadutsa moboola, zimene George Gamow anafotokoza mu 1928 pogwiritsa ntchito quantum mechanics. Mwayi woboola ndi wochepa kwambiri, ndipo umasintha modabwitsa mphamvu ya alpha ikakwera pang'ono chabe. Th-232 imatulutsa alpha ya pafupifupi 4 MeV, half-life yake zaka 14 biliyoni. Po-212 imatulutsa ya 8.8 MeV, half-life yake 0.3 ya gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Mphamvu yangowirikiza kawiri, koma onani kusiyana kwa nthawi.

Ichi ndichonso chifukwa chake palibe amene angalose kuti nyukiliyasi iyi isweka liti. Siikalamba. Imene yakhala zaka biliyoni ili ndi mwayi wofanana ndi imene yapangidwa lero.

aTembo, Chikwawa

Nanga n'chifukwa chiyani imasankha kutaya alpha yonse m'malo mongotaya pulotoni imodzi? Poti vuto ndi kuchuluka kwa mapulotoni.

aBanda, Bangula

Sikelo yomweyo, achimwene. Mapulotoni awiri ndi manyutuloni awiri ali paokhapaokha amalemera 4.0319 u. Akamangana kukhala nyukiliyasi ya He-4 amalemera 4.0015 u. Kusiyanako ndi 28.3 MeV. Alpha ndi yomangika kwambiri moti kuitulutsa kumasiya phindu la mphamvu, pomwe kuchotsa pulotoni imodzi mu U-238 kumafuna kuti muikemo mphamvu.

He-4 ndi yolimba chonchi chifukwa masitepe ake onse awiri ndi odzaza. Manambala odzazitsa ndi 2, 8, 20, 28, 50, 82 ndi 126, amene Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen anawafotokoza mu 1949. O-16, Ca-40 ndi Pb-208 zili ndi manambalawa mbali zonse ziwiri. Tini (Sn), ya mapulotoni 50, ili ndi maaisotopu (mitundu yosiyana chiwerengero cha manyutuloni) okhazikika 10, kuposa china chilichonse. Komanso mapulotoni ndi manyutuloni amakonda kukhala awiriawiri. Manyukiliyasi okhazikika amene mapulotoni ndi manyutuloni omwe sagawika pawiri ndi owerengeka, monga H-2, Li-6, B-10 ndi N-14. Tekinetiyamu (Tc) ya mapulotoni 43 ndi pulometiyamu (Pm) ya 61 zilibe aisotopu yokhazikika ngakhale imodzi, ngakhale zili pakati pa tebulo la maelementi.

aNaphiri, Ngabu

Takhuta. Tsopano za kalasi. Labu ilibe chotulutsa cheza chilichonse. Half-life ndiionetse bwanji?

aMalunga, Nsanje

Pemphani kalipentala akudulireni timatabwa 300 ta mbali zisanu ndi imodzi, sentimita imodzi mbali iliyonse, ndipo mbali imodzi yokha muipake utoto. Tiikeni m'ndowa, khutchumulani, tsanulirani pa mkeka. Timene tagwa utoto uli pamwamba tasweka, tichotseni. Werengani totsala, lembani, bwezerani m'ndowa, bwerezani kokwana 12 kapena 15. Popeza mwayi ndi 1 pa 6, muyembekezere pafupifupi 300, 250, 208, 174, 145, ndipo half-life ituluka kuponya 3.8. Ana ajambule girafu, apeze pamene 300 yafika 150, kenaka pamene 200 yafika 100. Akaona kuti mtunda wake ndi womwewo, amvetsa.

Zolakwika zimene zimachitika: ana amalumikiza madontho ndi rula m'malo mokoka mzere umodzi wokhota bwino wodutsa pakati pawo. Ena amabwezera m'ndowa timene tasweka kale. Timatabwa tikatsala pansi pa 20 manambala amadumphadumpha, ana n'kumaganiza kuti alakwitsa, chikhalirecho ndi khalidwe lenileni la kusweka. Phatikizani zotsatira za magulu onse, mzere usalala.

Zitsekerero za mabotolo ndi zosavuta kupeza, koma sizigwa theka ndi theka chifukwa mbali imodzi ndi yolemera. Zimagwirabe ntchito malinga musawauziretu ana kuti half-life ikhala kuponya kamodzi. Aipeze okha pa girafu.

aTembo, Chikwawa

Ngati mungabwereke Geiger counter, makina owerengera cheza okhala ndi chubu, chotulutsa cheza chili m'sitolo ya zaulimi. Feteleza wa MOP ndi potaziyamu kolorayidi. Mu potaziyamu yense wachilengedwe, 0.0117 peresenti ndi K-40, ya half-life ya zaka 1.25 biliyoni. Galamu imodzi ya potaziyamu imapereka 31 Bq (Bq imodzi ndi kusweka kumodzi pa sekondi), ndiye kilogalamu ya MOP ili ndi pafupifupi 16,000 Bq. Palibe choopsa. Munthu wa makilogalamu 70 amayenda ndi K-40 yoposa 4,000 Bq m'thupi mwake moyo wake wonse.

Chitani motere. Yambani mwawerenga cheza cha m'chipindamo kwa mphindi 10, fetelezayo ali kutali. Kenaka ikani theka la kilogalamu m'jumbo yopyapyala, chubu chigone pamwamba pake, muwerengenso mphindi 10. Kachitatu lowetsani chitsulo cha aluminiyamu chokhuthala mamilimita 3 pakati. Chiwerengero chitsika kwambiri chifukwa K-40 nthawi 89 pa 100 imatulutsa beta n'kusanduka Ca-40. Kotsalako ndi gamma ya 1.46 MeV yochokera ku njira inayo, yopita ku Ar-40.

Musawerenge mphindi imodzi yokha. Kusatsimikizika kwa chiwerengero N ndi √N. Mukawerenga 25, ndiye 25 ± 5, gawo limodzi mwa asanu. Mukawerenga 400, ndi 400 ± 20, 5 peresenti basi. Zenera la chubu ndi lopyapyala kwambiri, chala kapena njere ya feteleza zitha kuliboola. MOP amayamwanso chinyezi ndipo amadya zitsulo, ndiye asakhudze makina. Nyengo ya mvula chinyezi chikalowa polumikizira mawaya a magetsi okwera, makina amawerenga zabodza. Manambala akasintha masana a kotentha, vuto lili pa batire kapena makina, osati pa K-40.

aNambewe, Nchalo

Ndikonze chinthu chimodzi chimene odwala ngakhale ana asukulu amasokoneza. Makina a X-ray alibe nyukiliyasi yosweka m'kati mwake. Cheza chake chimapangidwa ndi magetsi, maelekitironi akamenya chitsulo. Mukazimitsa, chatha, ndipo wojambulidwa satuluka nacho. Kobalti, Co-60, ndi ina: siizimitsika. Imasanduka Ni-60 potulutsa beta, kenaka gamma ziwiri za 1.17 ndi 1.33 MeV. Half-life yake ndi zaka 5.27, kutanthauza kuti imafooka pafupifupi 1 peresenti mwezi uliwonse. Zipatala zimene zimaigwiritsa ntchito pochiza khansa zimawerengeranso nthawi yowalitsira wodwala mwezi ndi mwezi, apo ayi wodwala alandira mlingo wopelewera.

Tc-99m, imene zipatala zimajambulira odwala, ndi chitsanzo chabwino cha gamma yokha. Nyukiliyasi siisintha mapulotoni kapena manyutuloni, imangotsitsa mphamvu yotsalira ya 140 keV. Half-life yake ndi maola 6, ndiye pakatha tsiku imatsala 1/16. Siingasungidwe m'nkhokwe. Chimene amanyamula ndi mayi wake, Mo-99, wa maola 66, n'kumatsukamo Tc-99m tsiku ndi tsiku. I-131 ya chithokomiro ndi masiku 8. Zinyalala za zoterezi amazitsekera mpaka ma half-life 10 adutse, pamene zimatsala 1/1,024, kenaka n'kuziyeza asanazitaye. Kwa I-131 ndi masiku 80. Kwa Cs-137, ya half-life ya zaka 30, njira imeneyo ingafune zaka 300.

aTembo, Chikwawa

Ndiye tingati ya half-life yaitali ndiyo yoopsa kwambiri.

aBanda, Bangula

Ayi achimwene, pa galamu ndi galamu zili mosemphana. A = λN, pomwe A ndi kusweka kwa pa sekondi ndipo N ndi chiwerengero cha manyukiliyasi osasweka, ndipo λ = 0.693 ÷ half-life. Half-life ikatalika, λ imachepa. Galamu ya U-238 imasweka ka 12,400 pa sekondi. Galamu ya Ra-226, ya zaka 1,600, ka 3.7 × 10¹⁰. Galamu ya Co-60, ka 4 × 10¹³. Yaifupi ndi yaukali koma imatha, yaitali ndi yofatsa koma siichoka.

Vuto la yuraniyamu ndi ana ake. U-238 imadutsa masitepe 14, alpha 8 ndi beta 6, isanafike pa Pb-206. Ana atsimikize okha: 238 kuchotsa 8 × 4 ndi 206, ndipo 92 kuchotsa 16 kuwonjezera 6 ndi 82. Pakati pa njirayo pali Rn-222, mpweya wa half-life ya masiku 3.8, umene umatuluka m'nthaka ndi m'miyala n'kuunjikana m'chipinda chosapita mphepo. Alpha imaimitsidwa ndi pepala kapena masentimita ochepa a mpweya, koma ikatulukira m'mapapo mphamvu yake yonse imathera m'maselo ochepa. Pa mlingo wa cheza wa 2.4 mSv umene munthu amalandira pa chaka kuchokera ku chilengedwe, pa avareji ya dziko lonse, pafupifupi theka ndi radoni. N'chifukwa chake pa mgodi wa yuraniyamu, monga wa Kayelekera ku Karonga umene unatsegulidwa mu 2009, chofunika kusamala kwa nthawi yaitali ndi zotsalira. Yuraniyamu amachotsa, koma Ra-226 imatsala m'matope n'kumapitiriza kubala radoni.

aTembo, Chikwawa

Chabwino. Tsono ndinene za chipangizo chimene anthu a kuno angakumane nacho ndithu: geji yoyezera kutsendereka kwa dothi pomanga misewu, madamu ndi ngalande za mthirira. Ndi bokosi, kawirikawiri lachikasu, lokhala ndi ndodo yachitsulo. Kunsonga kwa ndodo kuli Cs-137 ya pafupifupi 0.3 GBq. Pansi pa bokosi pali Am-241 yosakaniza ndi beriliyamu, pafupifupi 1.5 GBq. Alpha ya Am-241 ikamenya Be-9 imatulutsa nyutuloni.

Poyeza, mumasalaza malo, kukhoma dzenje lopitirira kuya kumene mukufuna ndi mamilimita 50, kulowetsa ndodo mpaka mamilimita 300 ngati pakufunika, kukokera geji kuti ndodo igunde khoma la dzenje, n'kuwerenga mphindi imodzi. Dothi likakhala lotsendereka, gamma yofika pa chowerengera imachepa. Chinyezi chimayezedwa ndi manyutuloni amene achedwetsedwa ndi hayidirojeni.

Cs-137 imafooka 2.3 peresenti pa chaka, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse mumatenga standard count, chiwerengero choyerekezera, pa buloko imene imabwera ndi geji, mamita 3 kutali ndi khoma ndi mamita 10 kutali ndi geji ina. Geji siidziwa madzi, imadziwa hayidirojeni. Dothi la makande la ku Ngabu, kapena lokhala ndi mizu ndi zowola zambiri, lili ndi hayidirojeni amene si madzi oti auma, ndiye geji imaonetsa chinyezi chokwera. Yerekezani ndi dothi loumitsa mu uvuni pa madigiri 105 mpaka 110 ndipo muikemo chokonzera. M'ngalande yopapatiza makoma amabweza manyutuloni, ndiye standard count itengedwe m'ngalande momwemo. Choopsa kwambiri ndi matope akamata kachitseko kapansi kotsekera ndodo. Geji imaoneka yotseka pomwe gamma ikutuluka pansi. Osasuzumira ndi maso, yezani ndi mita.

aNambewe, Nchalo

Ndipo chigwa chino chimasefukira. Madzi a Shire, Mwanza kapena Ruo atha kukokolola chosungiramo zipangizo, zinthu n'kukathera kwa ogula zitsulo zakutha. Ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu 1987 anthu anaphwanya makina a chipatala osiyidwa okhala ndi Cs-137. Ufa wake unkawala mwa buluu usiku, anthu n'kumagawana. Anamwalira 4, ndipo oposa 100,000 anayezedwa. Aphunzitsi, chizindikiro cha mapiko atatu chija ana achidziwe bwino. Akaona chitsulo chokhala nacho, kapena chaching'ono koma cholemera modabwitsa, asachitole, asachiphwanye, asachiike m'thumba. Atalikire, aletse ena, auze apolisi kuti adziwitse a Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Mtunda ndi chitetezo chaulere: pa mamita 10 cheza ndi 1/100 ya chimene chili pa mita imodzi. Mtovu wokhuthala mamilimita 6 kapena 7 umangodula theka la gamma ya Cs-137, ndiye kuvundikira ndi lata sikuthandiza kanthu.

aNaphiri, Ngabu

Mwana wina akuti madzi amchere a m'mijigo ya kuno ali ndi cheza.

aBanda, Bangula

Mchere ndi nkhani ina, cheza ndi nkhani ina. Sodiyamu wachilengedwe ndi Na-23, kolorini ndi Cl-35 ndi Cl-37, zonse zokhazikika. Lilime silingadziwe cheza. Pamene kusweka kwa nyukiliyasi kumathandiza pa mijigo ndi podziwa zaka za madzi. Tritium, H-3, ili ndi half-life ya zaka 12.3, ndipo inachuluka mu mvula cha m'ma 1963 chifukwa cha kuyesa mabomba mumlengalenga. Madzi opanda tritium analowa pansi zaka za m'ma 1950 zisanafike, kutanthauza kuti sabwezeretsedwa msanga ndipo kupopa kwambiri kutsitsa mlingo wake. Akale kwambiri amayezedwa ndi C-14 yosungunuka m'madzimo, imene imafika mpaka zaka pafupifupi 50,000. Chosokoneza n'chakuti madzi akadutsa m'miyala ya laimu amatola kaboni wakale wopanda C-14, n'kuoneka okalamba kuposa mmene alili, choncho amayezanso C-13 kuti akonze.

aMalunga, Nsanje

Mayi, muwapatse funso ili, chifukwa pamayeso ambiri amagwera pomwepa. Chowerengera chikuonetsa 420 pa mphindi, ndipo cheza cha m'chipinda ndi 20 pa mphindi. Patatha maola 18 chikuonetsa 70. Half-life ndi yotani? Ambiri amagawa 420 ndi 70 n'kusokonezeka. Achotse kaye 20 mbali zonse: 400 ndi 50. Kenaka 400, 200, 100, 50, ma half-life atatu, ndiye maola 6. Mukawafunsa chimene chowerengera chionetse pa maola 24, yankho ndi 25 kuphatikiza 20, ndiye 45. Muwakumbutsenso kuti chimene chimatha theka ndi chiwerengero cha manyukiliyasi osasweka, osati kulemera kwa chinthucho. Magalamu 10 a C-14 pakatha zaka 5,730 amakhala magalamu 5 a C-14 ndi pafupifupi magalamu 5 a N-14.